Chaka Chimene Tsitsi Langa Linafiira

Imvi zinandiyamba ndili ndi mwana mmodzi yekha, akadali wa kumsana. Kwathu n'zakumtundu. Mayi anga anayera mutu asanasiye kubereka, ndipo anthu ankatiseka kuti banja lathu limabadwa ndi ufa m'mutu. Koma zanga zinafulumira kuposa za onse. Ndinaziona koyamba pamphumi chakumanzere, chaka chimene asipayi, asilikali a Kampani ya Azungu imene inkalamulira dera lathu, anafika m'mudzi mwathu, pafupi ndi Msumba, kudzagwira amuna oti akasenze katundu wa nkhondo ya Azungu. Amuna anga anawapeza pamchenga akusoka ukonde. Sanawalole ngakhale kufika kunyumba kudzatenga chofunda. Ukondewo unakhala pamchengapo mpaka mchimwene wanga anakaupinda.

Nkhondo itatha, amene anatsala ndi moyo anayamba kubwera mmodzimmodzi, owonda, mapazi atang'ambika. Aliyense ndinkamuthamangira. Wina anati anawaona amuna anga akudwala m'mimba, atawasiya pansi pa mtengo cha kumapiri. Wina anati ayi, anathawa ndi anzawo kulowera kwa Angerezi. Kenaka kunabwera chimfine chija chinapulula anthu m'mbali monse mwa nyanja, ndipo aliyense anatanganidwa ndi maliro ake. Za munthu wosowa panalibenso wozifunsa.

Patapita zaka, abale a amuna anga anabwera kwa amalume ndi mawu abwino ndithu. Anati mwana wathu tamulira mokwanira, tiyeni timete, mayiyu amasuke akadali ndi mphamvu, mwina angapeze banja lina. Sanali anthu oipa, ndipo apongozi anga aakazi anali atameta kale paokha. Kwathu mkazi sameta mpala popanda chifukwa. Mutu wometa umanena kuti pakhomo pagwa maliro, ndipo wamasiye akameta ndiye kuti watsanzikana ndi malemu. Ine ndinakana. Ndinawauza kuti ndikadzaona manda, kapena munthu amene anaponyamo dothi, lumo ndidzabwera nalo ndekha. Amalume anandikalipira kuti ndikuchititsa manyazi akuluakulu, koma sanandikakamize. Tsitsi ndinkangolidulira pang'ono likatalika, ndipo chaka ndi chaka linkayererayerera.

Amene anandigwira dzanja masiku amenewo anali mayi wina wa Chisilamu, wa mudzi wa kumpoto kwathu, kungowoloka kamtsinje. Tinadziwana pathandala loyanikira usipa, tsiku limene mvula inatidzidzimutsa, iye n'kusiya wake kudzandithandiza kuola wanga. Ine ndinali wa ku mishoni, wobatizidwa, wodziwa kuwerenga buku la mapemphero. Iye ankasala kudya mwezi wawo wopatulika, ndipo kwathu sankadya nkhuku asanafunse amene wazinga. Akuluakulu a mbali zonse ziwiri sankaukonda kwenikweni ubwenzi wotere, koma ife tinkasinthana chinangwa ndi mpunga, tinkalererana ana, ndipo asipayi akamveka kuti ali m'mudzi mwawo, iye ndiye ankatumiza mawu kwathu kuti anyamata akabisale. Amuna ake ankayendetsa chombo cha thanga, kunyamula mchere ndi nsalu pakati pa Kobwe, Likoma ndi tsidya lija la nyanja, motero nayenso ankadziwa kukhala yekha pakhomo kwa miyezi. Anali wamfupi, wosachedwa kuseka, ndipo zikhato zake nthawi zambiri zinkakhala zofiira ndi hina, ufa wa masamba umene akazi a kwawo amadzikongoletsa nawo pa ukwati ndi pa zikondwerero.

Uthenga unabwera m'nyengo yotentha, mvula isanagwe. Anabwera nawo ndi bambo wina amene ankasonkhezera nkhuni m'sitima ya mishoni. Anandipeza ndikusenda chinangwa choviika. Anati amuna anga ali moyo, waonana nawo maso ndi maso tsidya lija. Zaka zonsezi anali m'minda ya fodya ya ku Halale, ndipo tsopano ali pa ulendo wobwera. Adzera ku Likoma kwa m'bale wawo, awoloke ku Kobwe, atsike wapansi, mwina mwezi uno usanathe. Ndinamufunsa ngati anafunsako za ine. Anati anafunsa ngati mudakali pakhomo pomwe paja. Bamboyo atapita ndinapitiriza kusenda chinangwa mpaka dengu linatha.

M'mawa mwake ndinazira nyumba, n'kusesa bwalo lomwe linali losesasesa kale, kenaka ndinawoloka kamtsinje kukauza mnzanga. Anavina pabwalo ali ndi chipande m'manja. Atakhala pansi ndinamupempha kalilole wake, kakang'ono kokwana m'dzanja, kamene amuna ake anamubweretsera kuchokera ku ulendo. Ndinali ndisanadzione bwino kwa nthawi yaitali, poti madzi a mumtsuko sanena zonse. Nkhope sinandidabwitse kwenikweni. Koma mutu unali wa mayi anga. Amuna anga anasiya mtsikana wa tsitsi lakuda bii, ndipo tsopano adzapeza nkhalamba ikuwalandira pakhomo. Ndinabweza kalilole, koma iye anali ataona kale.

"Musadandaule, achemwali," anatero. "Hina ndili nayo. Ine ndikapaka, tsitsi limawala ngati la namwali."

Sananame. Lake linali lakuda kale, ndipo hina inkangolipatsa kuwala kofiirira akaima padzuwa. Zoti pa imvi imachita zina, tonse awiri sitinaziganize.

Anasefa ufawo pa kansalu, naukanda ndi madzi a bwemba, n'kuusiya kuti ugone mpaka mawa. Unkanunkhira ngati udzu wa padenga ukavumbwa ndi mvula yoyamba. Ndinakhala pamphasa kuseri kwa nyumba yake, iye atagwada kumbuyo kwanga, akupatula tsitsi ndi kamtengo n'kumamata phalalo mpaka pakhungu. Linali lozizira bwino m'kutentha kuja. Chichokereni amuna anga panalibe amene anandigwirapo m'mutu motero, ndipo ndinayamba kuodzera ngati mwana. Anandikulunga masamba a nthochi, n'kumanga nsalu yakale pamwamba. Anati kuti ligwire bwino tilisiye mpaka dzuwa lipendeke. Tinatero, ndipo poti tinkafuna kuti lide kwambiri, tinaonjezeranso nthawi.

Potsuka iye ndiye ankathira madzi, ine nditawerama. Ankandisimbira za mbuzi yake yokonda kulowa m'nyumba za anthu, kenaka anangosiya mawu pakati. Ndinafunsa kuti kwagwanji. Ndinaweramuka n'kutenga kalilole ndekha.

Mutu wanga unali ngati lalanje lakupsa. Pamene panali imvi zambiri, pamphumi ndi m'mbali mwa makutu, pankanyezimira ngati chibangili cha mkuwa chokwecha kumene. Pakati, pomwe tsitsi lakuda linali likadalipo, panali mawangamawanga ngati nthenga za tambala. Mnzanga anagwira pakamwa, misozi ili m'maso, ndipo sindinadziwe ngati akulira kapena akuseka.

"Ndakulakwirani," anatero. "Mwafanana ndi ndevu za ashehe athu."

Zinalidi choncho. Ashehe a m'mudzi mwawo, nkhalamba ya ndevu zoyera, ankapaka hina yomweyo mwadala, ndipo ndevu zawo zinkaonekera patali ngati lawi. Tinaseka mpaka kugwera pamphasa. Koma pobwerera kwathu, nditafunda nsalu kumutu ngati wodwala malungo, kuseka kunali kutandithera.

Ndinayesa zonse zimene ndinkadziwa. Ndinatsuka ndi madzi a phulusa mpaka khungu linayamba kuwawa, koma mtundu sunasunthe, tsitsi linangouma ngati luzi. Ndinakapempha kachidutswa ka sopo kwa mkazi wa mphunzitsi, osamuuza cha ntchito yake, ndipo kanathera m'mutu pachabe. Ndinamata matope akuda a kudambo, aja timadetsera mlaza wolukira mikeka. Anazimitsa kunyezimira kwa tsiku limodzi, koma nditasamba mkuwa uja unatulukanso. Lamulungu litafika ndinasakaniza mwaye wa kudenga ndi mafuta a nsatsi, ndipo m'mawa zinaoneka ngati zatheka. M'tchalitchi munadzaza ndipo munatentha. Tisanafike pa ulaliki ndinamva kanthu kakuyenda kuseri kwa khutu. Mayi amene anagwada pambali panga anandikodola n'kundipatsa nsonga ya nsalu yake kuti ndipukute. Mizere yakuda inali itatsika m'khosi mpaka pamapewa, ndipo popukuta nsalu yanga ya kumutu inasendera m'mbuyo. Amene anali kumbuyo kwanga anaona zonse.

Nkhani inafala msanga. Kwathu tsitsi lofiira ndi la mwana wodwala njala kapena wotsemphedwa, choncho ena anayamba kunong'ona kuti mayi uja ali ndi nthenda ya m'kati. Ena ankati anapita kwa sing'anga kukafuna mankhwala okoka mwamuna, ndiye amutembenukira. Mwana wanga, amene tsopano anali mtsikana wotha kusenza mtsuko, anabwera kuchokera ku sukulu akulira, ati anzake akumuuza kuti amayi ako apsa mutu. Mayi anga anandivula nsalu, nandiyang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti njira ndi imodzi yokha, lumo, limera lina. Ndinawafunsa kuti ndakana lumo zaka zonsezi munthu ali kosadziwika, ndiye ndimete lero ali panjira? Adzalowe pakhomo apeze mkazi wawo atawametera maliro? Mayi sanabwerezenso. Anangondimanganso nsalu ija, molimba kuposa mmene ndinkamangira ine.

Mnzanga zinkamuwawa kuposa ine. Tsiku lililonse ankawoloka kamtsinje kudzasuzumira pansi pa nsalu yanga, ati mwina lazirala. Linaderako pang'ono, kuchoka pa lalanje kufika pa dzimbiri, n'kuima pomwepo. Mwamwayi chombo cha amuna ake chinakocheza masiku omwewo, ndipo iye anachita chinthu chimene sindikanalola akanayamba wandifunsa. Anawauza zonse. Tsitsi la mkazi wa mwini si nkhani yokamba ndi mwamuna. Koma bamboyo anakulira kugombe la nyanja ya mchere, ndipo anakumbuka kuti amayi awo akapaka hina pa imvi sankalekera pomwepo. Anati hina ndi chiyambi chabe. Pamwamba pake pamafunika tsamba lachiwiri, la nili, lomwe lija amadetsera nsalu ya biriwita. Nili yekha pa imvi sagwira bwino, hina yokha ndi iyi tayionayi, koma nili akagona pamwamba pa hina amameza kufiira konse n'kusiya kuda.

Anati chitsambacho anachionapo m'mbali mwa mtsinje wa Lunho, chakumtunda. M'mawa mwake ananyamuka yekha, munthu wamkulu ndi ulemu wake, atauza anyamata a m'chombo kuti akukayang'ana mtengo wa mlongoti. Anabwerako ndi mtolo wa tinthambi ta masamba ang'onoang'ono otuwira, minga ya m'njira itawakala miyendo. Ine ndinali pakhonde ndi mnzanga. Anautula mtolowo osandiyang'ana, n'kuyamba kulangiza mkazi wawo mokweza mawu kuti nanenso ndimve. Masamba aumitsidwe pamthunzi, osati padzuwa. Asinjidwe mpaka ufa usalale. Ukandidwe ndi madzi ofunda ndi kamchere pang'ono, osathiramo chowawasa chilichonse, ndipo ukangokandidwa upakidwe pomwepo, chifukwa nili sadikira ngati hina. Atatha anapita kukaona chombo chawo. Pa zaka zonse zimene tinakhala moyandikana, nkhaniyi sanaitchulepo pamaso panga.

Ulendo uno tinachenjera. Masamba atauma, mnzanga anadula katsitsi kuseri kwa khutu langa n'kuyesera pamenepo. Kanatuluka kobiriwira ngati ndere, ndipo mtima wanga unagwa. Iye anati tidikire, n'kukaika pansi pa mbale. Pofika mawa kanali katada, kuda kofiirira pang'ono ngati nthanga ya bwemba. Tinakazunguza padzuwa, kukayang'ana uku ndi uku, osakhulupirira.

Tsiku lopaka ndinalawira. Phala la nili silinkanunkhira ngati la hina. Linkamveka ngati chigwada chogonera mumphika, ndipo linali lamadzimadzi, losafuna kukhazikika. Mnzanga anayamba wandipaka mafuta m'mphepete mwa nkhope kuti khungu lisade, kenaka anamata mofulumira, kuyambira pamphumi pomwe panafiiritsa. Anakulunga masamba a nthochi n'kumanga ndi luzi. Manja ake anabiriwira mpaka m'mikono. Ndinakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba yake, nditavala chinsalu chakale chong'ambika, ntchentche zikundizungulira, madzi a phala akutsikira m'khosi.

Dzuwa lili pamutu ndinamva mawu a mwana wanga kumaso kwa nyumba, akuuza munthu kuti amayi ali kuseri kuno. Ndinkayesa agogo ake amutuma. Anatulukira pangodya ya nyumba, ndipo m'mbuyo mwake munali bambo wamtali, wowonda, wovala jekete lakuda m'dzuwa lonse lija, atasenza kabokosi kachitsulo paphewa. Ndinawazindikira ndi kayendedwe. Phazi lamanzere ankaliponya kunja kuyambira ali mnyamata.

Ndinafuna kuthawa, ndinafunanso kuwathamangira, koma sindinachite chilichonse. Ndinangogwada pamphasa pomwepo, madzi obiriwira akutsika m'masaya. Mnzanga anagwira mwana dzanja n'kuzemba naye.

Amuna anga anatula bokosi n'kukhala pamwamba pake, chapatali pang'ono, monga amachitira mlendo. Tinalonjerana ngati anachoka dzulo. Ndinafunsa za ulendo, anati ayenda bwino, kungoti nyanja inavuta powoloka. Anafunsa za pakhomo, ndinati tilipo. Mano awiri akutsogolo analibe. Maso awo sankachoka pa masamba a nthochi aja.

"Mwameta?" anafunsa motsitsa mawu.

Sindinamve msanga chimene ankatanthauza. Ndinati ayi, ndi mankhwala chabe.

"Ku Likoma anandiuza kuti kwathu anandilira kale," anatero. "Ndinati ngati inunso munameta, ndingoona mwana, ndibwerere."

Pamenepo ndinamasula luzi ndekha, nthawi yake isanakwane n'komwe, n'kuchotsa masamba aja limodzilimodzi. Tsitsi linali pomwepo, lomatana ndi phala, lonunkha, losaoneka bwino ngakhale pang'ono. Anasendera pafupi, nalikhudza ndi nsonga za zala, kenaka anaika dzanja lonse. Analira osatulutsa mawu. Ine ndinkangomva dzanjalo likulemera pamutu panga, ndipo sindinasunthe.

Atatonthola anayang'ana chikhato chawo chitabiriwira, n'kufunsa kuti nanga ichi n'chiyani. Ndinawafotokozera zonse, kuyambira pa kalilole mpaka mwaye wa m'tchalitchi. Ankamvetsera mwaulemu, akuyesetsa kudzigwira, koma nditafika pa ndevu za ashehe analephera. Kuseka kwawo kunali komwe kuja, kungoti tsopano kunkathera m'kutsokomola.

"Imvizo ndinazisiya zitayamba kale," anatero atapuma. "Apa, chakumanzere. Munkayesa sindinazione?"

Ine zaka zonsezo ndinkakhulupirira kuti zinabwera iwo atachoka.

Mnzanga anatulukira ndi mtsuko wa madzi, nawalonjera mwaulemu atagwada, n'kunena kuti poti masamba achotsedwa, phala litsukidwe lisanaumire m'mutu. Amuna anga anavula jekete n'kulandira chikho m'manja mwake. Mwamuna kutsuka mkazi m'mutu masana, pakhomo pa eni, sizinkachitika kwathu, ndipo mnzanga anatembenukira kumbali ngati akufuna kanthu pansi pa nkhokwe. Amuna anga ankathira pang'onopang'ono, dzanja lina atalitchinga pamphumi panga kuti madzi asandilowe m'maso. Madzi anayamba kutsika akuda, kenaka obiriwira, kenaka oyera. Mtsuko utatha anapita okha kunyanja kukatunga wina, opanda jekete, anthu a m'mudzimo akuwayang'ana kuti kodi mlendoyu ndani.

Tinabwerera kwathu tonse atatu, mwana ali patsogolo, akucheukacheuka. Tsiku limenelo ndi lotsatira lake mutu wanga unali wobiriwirako, ndipo abale onse amene anabwera kudzalira ndi kudzasangalala anandipeza choncho. Palibe anasamala. Apongozi anga aakazi anakhala pansi atagwira mwendo wa mwana wawo osafuna kuusiya. Pofika Lamulungu tsitsi linali litada. Poti ndinachotsa phala msanga, silinade bii monga mnzanga ankafunira. Linali ngati nthanga ya bwemba ija, ndipo pamphumi panatsala kufiirira kumene kunkaoneka ndikaima padzuwa. Ndinalowa m'tchalitchi ndi amuna anga, iwo kumbali ya amuna, ine ya akazi, ndipo mayi uja anandipatsa nsalu yopukutira anandisendezera malo akumwetulira.

Sindinganene kuti zonse zinakhala bwino tsiku lomwelo. Mwana anatenga nthawi kuti awatchule kuti bambo, ndipo akafuna kuwauza kanthu ankadzera mwa ine. Iwo ankafotokoza za kumene anali pang'onopang'ono, lero kachidutswa, mawa kachidutswa. Anadwaladi m'njira, anathawadi, ndipo poyamba ankaopa kuti akabwera asipayi awagwira monga wothawa. Kenaka mantha anasanduka manyazi. Chaka chilichonse ankati ndipite chaka chamawa, ndikapeza choti ndikagwire m'manja. Mkwiyo wanga unachedwa kufika, koma unafika. Tsiku lina tikupalira chinangwa ndinaponya khasu pansi n'kuwauza kuti mawu salemera, akanatha kutuma munthu, ngakhale mmodzi, kudzangonena kuti ndili moyo. Ndinawauza za amuna amene ndinkawathamangira kukafunsa, za tsiku limene abale awo anabwera ndi nkhani ya lumo, za mwana kudwala chimfine chija ine ndili ndekha. Sanadziteteze. Anaima atazyolika mpaka ndinatha, kenaka anatola khasu langa, nalipukuta dothi kumpini, n'kundipatsa. Tinamaliza mzere uja. Zinabweranso kangapo chaka chimenecho, koma nthawi iliyonse zinkachepa mphamvu.

Tsitsi silidikira munthu. Mwezi usanathe imvi zinatulukanso m'munsi, ndipo nili atayamba kusuluka, kufiira kwa hina kunasuzumira kunsonga, moti mutu wanga unali ndi mitundu itatu. Mnzanga anati tibwereze, tsopano tikudziwa njira. Tinabwerezadi kangapo, hina lero, nili mawa, ndipo tinafika pokhoza bwino, moti akazi ena a imvi, a ku mishoni ndi a Chisilamu omwe, anayamba kubwera mwakachetechete kudzafunsa. Koma kunena zoona, ine chimene ndinkapitira sichinalinso mtundu wa tsitsi. Ndinkakonda kukhala pamphasa paja, iye ali kumbuyo kwanga, zala zake zili m'mutu mwanga, tikukamba za ana athu.

Kenaka asipayi anayamba kubwera kawirikawiri kudzatenga anyamata a ntchito ya misewu, ndipo ana aamuna a mnzanga anali atakula. Banja lawo linachita zimene mabanja ambiri anachita masiku amenewo. Anapakira mphasa, miphika ndi mbuzi m'chombo, n'kuwolokera tsidya la Angerezi. Mnzanga anadzanditsanzika dzulo lake, tinakhala pakhonde nthawi yaitali, ndipo kwa nthawi yoyamba chidziwirane, anasowa choseketsa. Sitinaonanenso. Ndinkangomva kwa a m'zombo kuti ali bwino, ali ndi zidzukulu, ananenepa.

Iye atapita sindinapakenso. Panalibe amene ndinkafuna kuti andigwire m'mutu mwa njira imeneyo. Zotsalira zakuda ndi zofiira zinafunika kuchoka, ndipo apa ndi pamene kabokosi kachitsulo ka amuna anga kaja kanathandiza. Munalibe zambiri, bulangete, mbale ziwiri, kansalu ka mwana kamene anagula poyesa kuti akadali wamng'ono, ndi sizasi imene ankametera anzawo ku minda ya fodya. Chifuwa sichinkawalolanso kukoka ukonde nthawi yaitali, choncho masiku ambiri ankakhala pakhomo kusoka maukonde a anthu. Tsiku lina m'mawa ananola sizasi ija pamwala n'kundiuza kuti ndikhale pansi. Anadula nsonga zokha, mosamala, akupumira m'khosi mwanga. Tsitsi lodulidwalo analitolera pa tsamba, osasiya ngakhale limodzi, n'kukalikwirira patsinde pa nthochi monga timachitira kwathu, kuti woipa mtima asalitole.

Mwezi wotsatira anachitanso chimodzimodzi, ndi winawo, mpaka mutu wonse unayera mbuu. Pamenepo chifukwa chodulira chinali chitatha, koma iwo sanasiye, ndipo ine sindinawakumbutse. Mwana wathu anakwatiwa tikuchitabe zimenezo pakhonde lomwe lija. Mayi anga, amene maso awo anali akuthwa mpaka ukalamba, anandiyang'ana tsiku lina n'kufunsa kuti kodi amene amakudula tsitsiyu amaona bwino? Ankanena zoona. Amuna anga ankadula mokhota, mbali ya kumanja inkafupika nthawi zonse kuposa inzake. Ndinawauza mayi kuti asawauze.